Mmene mungapemphere lipoti la polisi ndi zikalata zina za boma

Galimoto yanu yagundidwa, a inshuwalansi akuti sakuthandizani popanda lipoti la polisi. Kapena mbale wanu wagona m'chitokosi, ndipo mukufuna kudziwa kuti anamutsekera nthawi yanji komanso anamugwira ndani. Mwinanso ndinu mtolankhani kapena membala wa komiti ya chitetezo, mukufuna kudziwa kuti mwa milandu yothyola nyumba imene anthu anakadandaula chaka chatha, yafika kukhoti ndi ingati. Zonsezi zinalembedwa penapake. Ntchito ya polisi imayenda ndi cholembera kuposa mmene ambirife timaganizira, ndipo zambiri mwa zolembedwazo muli ndi ufulu woziona.

Anthu ambiri amagwa pa chinthu chimodzi: kupempha mosalunjika, pakamwa pokha, kwa munthu amene alibe mphamvu yopereka chinthucho. Munthu amafika pakauntala n'kunena kuti "ndimafuna ndimve za nkhani yanga ija". Amuuza kuti bwerani mawa, mawa lakelo chimodzimodzi, mpaka agwa ulesi. Malangizo ali m'munsiwa akuima pa mfundo iyi: tchulani chikalata chenicheni chimene mukufuna, pemphani polemba, ndipo musunge umboni woti munapempha.

Choyamba, dziwani pepala limene mukufuna

Pa siteshoni ya polisi pali mabuku ndi mafayilo osiyanasiyana, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake.

M'mayiko ambiri amene anatengera kayendetsedwe ka polisi ka ku Britain, pakauntala pamakhala buku lalikulu lotchedwa Occurrence Book, anthu amangoti OB. M'menemo wapolisi amene ali pantchito amalemba zonse zochitika: tsiku, ola, amene wabwera kudzadandaula, chidule cha dandaulo lake, amene walowetsedwa kapena kutulutsidwa m'chitokosi. Nkhani iliyonse imapatsidwa nambala. Ku South Africa wodandaula amapatsidwa CAS number, kwina amati nambala ya mlandu kapena ya lipoti, koma ntchito yake ndi yomweyo. Tsiku limene mwapita kukanena nkhani, musachoke musanafunse nambalayi. Ilembeni pomwepo, pamodzi ndi dzina la wapolisi amene wakulandirani ndi udindo wake. Ndikutsindika zimenezi chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi wapolisi uja akhoza kukhala atasamutsidwa, buku lija litadzaza n'kukasungidwa kusitolo, ndipo munthu wopanda nambala amafufuzitsa anthu mabuku mulu wonse. Palibe wapolisi amene amaikonda ntchito imeneyo.

Kenako pali sitetimenti, mawu amene munanena inuyo, wapolisi n'kulemba, inu n'kusainira. Musasainire musanawerenge, kapena asanakuwerengereni m'chilankhulo chimene mumamva. Ili ndi pepala limene muli nalo ufulu kuposa ena onse, pakuti ndi mawu anu omwe.

Doketi ndiye fayilo yonse ya mlandu: masitetimenti a mboni, zolemba za wofufuza, lipoti la kuchipatala, zithunzi, malangizo a mabwana. Mlandu ukadali mkati mofufuzidwa, doketi yonse simungaipeze, ndipo m'pomveka. Koma zina za m'menemo zimatheka kuzipeza pazokha.

Lipoti la polisi, lija amafuna a inshuwalansi, a banki kapena ofesi yopereka ziphaso mukataya chiphaso, ndi kalata yachidule yotsimikiza kuti nkhani yakutiyakuti inanenedwa ku polisi tsiku lakuti. Pa ngozi ya pamsewu pamakhalanso chojambula cha malo a ngoziyo ndi lipoti la amene anayeza galimoto. Palinso kaundula wa anthu osungidwa m'chitokosi, ndi kaundula wa katundu amene walandidwa kapena kusungidwa ngati umboni. Apolisi akakutengerani foni kapena ndalama, ziyenera kulembedwa m'menemo.

Police clearance ndi nkhani ina. Ndi chikalata chosonyeza ngati munapezekapo wolakwa pa mlandu, chimafuna zidindo za zala, ndipo nthawi zambiri chimatuluka ku likulu. Chili ndi fomu yakeyake, musachisakanize ndi pempho la zikalata za boma.

Gulu lomaliza ndi zikalata zosakhudza mlandu wa munthu mmodzi: ziwerengero za milandu, malamulo a kagwiridwe ka ntchito, bajeti, makontrakiti ogulira katundu, chiwerengero cha madandaulo okhudza apolisi. Izi ndi zimene malamulo a ufulu wopeza uthenga amagwira bwino kwambiri.

Chachiwiri, sankhani khomo loyenera

Ngati ndinu wodandaula ndipo mukungofuna lipoti lachidule kapena kope ya sitetimenti yanu, yambani ndi njira wamba: pitani ku siteshoni imene munanenako nkhaniyo, muli ndi chiphaso chanu ndi nambala ija, mufunse ofesi imene imatulutsa malipoti. Zambiri zimathera pompa.

Ngati ndinu woimbidwa mlandu, khomo lanu ndi khoti. Inuyo kapena loya wanu mupemphe kuti oimira boma akupatseni umboni umene akufuna kugwiritsa ntchito, kuti mukonzekere kudziteteza. Umenewu ndi mbali ya ufulu woweruzidwa mwachilungamo, ndipo woweruza ali ndi mphamvu yolamula. Komanso kumbukirani kuti mlandu ukafika kukhoti, pepala la mlandu ndi chigamulo zimakhala m'fayilo ya khotilo, ndipo kawirikawiri n'zosavuta kuzipeza kwa kalaliki wa khoti kusiyana ndi ku polisi.

Njira wamba ikakanika, kapena ngati mukufuna zikalata zokhudza anthu onse, apo ndiye pofunika lamulo.

Chachitatu, werengani lamulo la dziko limene zikalatazo zili

Dziko loyamba kukhala ndi lamulo lotere ndi Sweden, m'chaka cha 1766. Lero mayiko oposa 130 ali nalo. Maziko ake ndi ofanana kulikonse: uthenga umene boma likusunga ndi wa anthu, ndipo amene akukana kuupereka ndiye ayenera kufotokoza chifukwa. Koma masiku ndi maofesi zimasiyana, ndiye muyenera kudziwa za kumene muliko.

Ku Malawi ufuluwu uli mu gawo 37 la malamulo aakulu a dziko. Lamulo la Access to Information Act linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo bungwe loyang'anira ndi Malawi Human Rights Commission. Zambia inasaina lamulo lake mu December 2023. Ku South Africa kuli Promotion of Access to Information Act la mu 2000, anthu amangoti PAIA. Limapereka masiku 30, ndipo madandaulo amapita kwa Information Regulator. Lamulo la Kenya la mu 2016 limapereka masiku 21, la Nigeria la mu 2011 masiku 7, la India la mu 2005 masiku 30. Ku United Kingdom, Freedom of Information Act ya mu 2000 imapereka masiku 20 ogwira ntchito, koma ngati mukufuna zimene apolisi analemba zokhudza inu mwini, mumadzera lamulo lina loteteza zinsinsi za munthu, pempho lotchedwa subject access request, limene liyenera kuyankhidwa pasanathe mwezi.

Amene ali ku United States asamale pano. Lamulo lotchuka la Freedom of Information Act (FOIA) la dzikolo, la mu 1966, limakhudza maofesi a boma lalikulu okha, monga FBI. Polisi ya mumzinda kapena ofesi ya sheriff (mkulu wa polisi wa dera) imayendera lamulo la state, kapena kuti chigawo cha dzikolo, imene ili. Ku California ndi California Public Records Act, imene imapatsa ofesi masiku 10 kuti inene ngati ipereke. Ku New York ndi Freedom of Information Law. Ku Texas ndi Public Information Act. Kutchula lamulo lolakwika m'kalata kumapatsa ofesi chifukwa chokubwezerani.

Pali ndime imodzi imene ndikufuna aliyense aidziwe. Malamulo a Kenya, India ndi Malawi amati ngati uthengawo ukukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, yankho lituluke pasanathe maola 48. Mbale wanu akatengedwa ndi apolisi osadziwika kumene ali, ndime imeneyi ndi yanu. Ilembeni pamwamba penipeni pa kalata.

Chachinayi, pezani amene akusunga ndi amene amasaina

Pemphani ku ofesi imene inagwira nkhaniyo. Ngozi ya pamsewu ili ndi apolisi a zapamsewu, mlandu waukulu ukhoza kukhala kuti unasamutsidwira ku nthambi yofufuza kapena kwa oimira boma pa milandu. Malamulo ambiri amafuna kuti ofesi iliyonse ya boma isankhe munthu wolandira mapempho, amene amatchedwa information officer kapena dzina lofanana nalo. Funsani kuti ndani. Ngati pa siteshoni sakumudziwa, lemberani mkulu wa siteshoniyo, kope ina mutumize ku likulu la polisi.

Chachisanu, lembani kalata

Apa ndi pamene pempho limapola kapena kuwonongeka. Lamulo limakupatsani zikalata zimene zilipo kale. Silikakamiza wapolisi kuti akulembereni nkhani yatsopano kapena kuyankha mafunso a "chifukwa chiyani". Mukalemba kuti "ndifotokozereni chifukwa chimene wakuba uja munamutulutsira", akhoza kukuyankhani chiganizo chimodzi chopanda kanthu, kapena osayankha n'komwe. Koma mukalemba kuti "ndikupempha kope ya tsamba la kaundula wa chitokosi losonyeza tsiku ndi ola limene anatulutsidwa, ndi kope ya fomu ya belo ya polisi", mwapempha zinthu zogwirika, ndipo yankho la "chifukwa chiyani" lija mulipeza m'menemo.

Kalata yake ikhoza kukhala chonchi:

*Kwa Mkulu wa Siteshoni ya Polisi ya ………*

*Pempho la zikalata motsatira lamulo la ………*

*Ine ………, mwini chiphaso nambala ………, ndine wodandaula pa nkhani imene inalembedwa pa siteshoni yanu pa tsiku la ………, nambala ya OB ………. Ndikupempha makope a zikalata izi: tsamba la OB pamene nkhaniyi inalembedwa; sitetimenti imene ndinapereka; mndandanda wa katundu amene anatengedwa pamalopo. Ngati muli zina zimene lamulo sililola kutulutsa, chonde zitsekeni n'kundipatsa zotsalazo, ndipo munditchulire gawo la lamulo limene mwagwiritsa ntchito. Ngati zikalatazi zili ku ofesi ina, tumizani pempholi kumeneko n'kundidziwitsa. Ngati pali zolipira, mundiuze kaye musanayambe. Mungandipeze pa ………*

Onani kuti mulibe madandaulo, mulibe kuloza chala, mulibe mbiri ya mmene mwavutikira. Mkwiyo wanu ukhoza kukhala woona, koma malo ake ndi kalata ina yopita ku bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, monga Independent Complaints Commission ku Malawi, IPID ku South Africa kapena IOPC ku England ndi Wales. Mukasakaniza ziwirizi, wolandira kalata amayamba kudziteteza m'malo mofufuza fayilo.

Chepetsani nyengo. "Milandu yonse ya kuba" ndi pempho limene angalikane ponena kuti ndi ntchito yaikulu kwambiri. "Chiwerengero cha milandu yothyola nyumba yolembedwa pa siteshoni ino kuyambira January mpaka June chaka chatha, mwezi ndi mwezi" ndi pempho limene kalaliki angalimalize tsiku limodzi. Mukalandira, mupemphenso zina.

M'mayiko ambiri simufunika kunena chifukwa chimene mukufunira uthengawo. Lamulo la India limanena zimenezi poyera. Koma ngati mukupempha zokhudza munthu wina, monga kholo lokalamba kapena mbale amene ali kunja, tengani kalata yosainidwa yokupatsani chilolezo. Ngati mwiniwakeyo anamwalira, tengani chikalata cha imfa ndi umboni wa ubale wanu. Amene satha kulemba asataye mtima: malamulo angapo amalamula wolandira mapempho kuti amulembere, amuwerengere, n'kumupatsa kope. Kumene kuli fomu yovomerezeka, monga ku South Africa, lembani pa fomuyo, kalata yanu mulumikize kumbuyo.

Ngati mukufuna zojambulidwa ndi kamera, kaya ya pa siteshoni, ya mumsewu kapena yovala wapolisi pachifuwa, kapena mawu ojambulidwa poimba foni ya zangozi, musachedwe. Zimenezi zimasungidwa kwa nthawi yochepa kenako zimafufutidwa. Lembani sabata yomweyo, ndipo muwonjezere chiganizo chopempha kuti zisafufutidwe pamene pempho lanu likuunikidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, perekani n'kutenga umboni

Pitani ndi makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku, wolandirayo asaine ndi kulemba dzina lake looneka bwino. Akakuuzani kuti "ingosiyani, tiona", pemphani mwaulemu kuti angosaina pa kope yanu. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa simungapite nalo kukachita apilo. Mukangotuluka, jambulani pepalalo pa foni. Ngati mwatumiza pa imelo, isungeni pamodzi ndi yankho lililonse. Ngati ndi pa positi, gwiritsani ntchito njira imene imapereka lisiti.

Pa zolipira: malamulo ambiri amalola ofesi kulipiritsa mtengo wa fotokope kapena wa lipoti, ndipo mtengowo umakhala wolembedwa. Lipirani kwa amene amalandira ndalama za boma kapena ku banki, mutenge lisiti ya boma yokhala ndi nambala. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ngakhale aitchule kuti ya pepala kapena ya mafuta. Ikupwetekani inu nomwe, chifukwa lipoti lotuluka mwa njira imeneyo likhoza kukhala losalembedwa m'kaundula, ndipo a inshuwalansi akaimba foni kukatsimikiza, lipezeka kuti kulibe. Mtengo wa makope ukakula, pemphani kungoona zikalatazo pamalo pomwepo n'kusankha masamba ochepa ofunika, kapena kuti akutumizireni pa imelo.

Chachisanu ndi chiwiri, werengani masiku

Lembani pa kalendala tsiku limene nthawi ya lamulo ikutha, ndipo musiyanitse masiku ogwira ntchito ndi masiku wamba. Pakati pake imbani foni kamodzi kufunsa ngati pali chosamveka. Ofesi ikhoza kuwonjezera masiku, koma ikuuzeni polemba. Tsiku likakwana kuli zii, lembani kalata yaifupi yokumbutsa, mutchule tsiku limene munapereka pempho. M'malamulo ambiri, kuphatikizapo PAIA, kusayankha kumatengedwa ngati kukana, kutanthauza kuti khomo la apilo latseguka.

Akakana

Si kukana konse kumene kuli kwa chinyengo. Pafupifupi lamulo lililonse limalola apolisi kubisa uthenga umene ungasokoneze kafukufuku amene ali mkati, kuulula amene anawatsina khutu, kuika mboni pachiswe, kapena kuwononga mlandu umene uli kukhoti. Mayina a ana ndi a anthu amene anagwiriridwa amatetezedwa kwambiri. Ine ndimagwirizana nazo zimenezi. Munthu amene analimba mtima kukanena za chigawenga cha m'dera lake sayenera kupezeka pa pepala limene chigawengacho chingapemphe.

Chimene simuyenera kuvomera ndi mawu akuti "izi n'zachinsinsi" opanda gawo la lamulo. Pemphani kuti kukanako kulembedwe, atchule gawo, ndipo afotokoze kuti likukhudza bwanji chikalata chimene mwapempha. Kenako funsani zinthu zitatu. Kodi sangatseke mayina ndi inki yakuda n'kukupatsani zotsalazo? Dzina limodzi la mboni si chifukwa chobisira masamba makumi awiri. Kodi kafukufukuyo akadalipodi? Mlandu umene unaweruzidwa kale kapena kutsekedwa sungakhale "mkati mofufuzidwa" mpaka kalekale, ndiye ngati anakukanirani chaka chatha, pemphaninso. Ndipo kodi phindu la anthu onse silikuposa chifukwa chobisiracho? Malamulo ambiri ali ndi ndime yotere, makamaka pamene zikalatazo zikuonetsa kuphwanya lamulo, katangale, kapena imfa ya munthu ali m'manja mwa apolisi.

Akanena kuti fayilo yasowa, apempheni alembe zimenezo, atchule kumene afufuza. Nthawi zina fayilo imapezeka munthu akangouzidwa kuti asainire kuti yasowa. Ikapanda kupezeka, kumbukirani kuti pepala la boma silikhala limodzi: chipatala chili ndi kope ya lipoti la dokotala, khoti lili ndi pepala la mlandu, OB ili ndi chidule.

Apilo imayenda mokwera. Kumene lamulo limalola, muyambe ndi mkulu wa ofesi yomweyo kuti aunikenso. Zikakanika, pitani ku bungwe loyang'anira lamulolo: Malawi Human Rights Commission, Information Regulator ku South Africa, Commission on Administrative Justice ku Kenya, Information Commissioner's Office ku United Kingdom. Khoti ndi lomaliza. Sitepe iliyonse ili ndi malire a masiku, choncho musaike kalata yokukaniraniyo pansi pa matiresi. Lumikizani kope yodindidwa ija, kalata yokumbutsa, ndi yankho lawo ngati liripo. Maofesi othandiza anthu pa zamalamulo mwaulere ndi mabungwe a atolankhani amathandiza kulemba apilo zotere.

Mukalandira

Musachoke pakauntala musanawerenge. Onani dzina lanu ngati lalembedwa monga lilili pa chiphaso, tsiku, nambala ya galimoto, nambala ya IMEI (yozindikiritsa foni iliyonse payokha) ya foni yobedwa, chidindo ndi siginecha. Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala ya galimoto n'chokwanira kuti a inshuwalansi akubwezeni. Werenganinso masamba ngati akwanira mogwirizana ndi zimene munapempha. Ngati pepalalo likupita kukhoti kapena ku ofesi ya kazembe, pemphani kope yotsimikizidwa kuti ikufanana ndi yeniyeni.

Mukapeza zolakwika pa zimene zinachitika, musakonze nokha ndi cholembera, chifukwa kutero ndi mlandu. Lembani kalata yopempha kuti akonze, muperekenso umboni, kapena mupemphe kupereka sitetimenti yowonjezera kuti ilowe m'fayilo.

Ngati mukufuna kufalitsa zimene mwapeza, pa nyuzipepala kapena pa Facebook ndi WhatsApp, kumbukirani kuti lipoti la polisi limanena zimene wina anakanena, ndipo woganiziridwa amakhala wosalakwa mpaka khoti litagamula. Tsekani mayina a mboni, a ana, manambala a foni ndi malo okhala anthu. Musanasindikize, perekani mpata kwa amene akutchulidwa, kuphatikizapo apolisi, kuti anenepo mbali yawo. Pepala lenileni lisungeni pamalo ouma, kwa ena muzipereka mafotokope okha.